Mmene amayi achikulire angasankhire nsapato za paulendo

Mayi anga ali ndi zaka 68 ananyamuka pa basi kupita ku Johannesburg kukaona mdzukulu wawo amene anali atangobadwa kumene. Nsapato za ulendowo ndinawagulira ndine: zakuda, zachikopa chonyezimira, zosongoka pang'ono kutsogolo, sayizi 5, chifukwa ndiyo sayizi imene ankatchula kuyambira tili ana. Anaziyesa m'mawa atakhala pampando, nanena kuti zili bwino, ndipo tinazibwezera m'katoni mpaka tsiku la ulendo. Basi itadutsa kutentha kwa ku Tete n'kufika pa chipata cha Nyamapanda, mapazi awo anali atatupa moti m'mphepete mwa nsapato munali mutalowa m'mnofu. Pa Beitbridge anaima pamzere atavala patapata zimene anawabwereka mayi wina amene anakhala nawo mpando umodzi, nsapato zatsopano zija atazinyamula m'manja. Matuza a kuchidendene anatenga milungu itatu kuti apole, ndipo masiku amene akanawathera poyenda ndi mdzukulu kumbuyo anawathera atakhala pansi.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kugula nsapato potengera nambala imene munthu akuikumbukira. Nsapato ya paulendo iyenera kukwana phazi limene mayi ali nalo lero, ndiponso iyenera kulikwana pa ola limene phazilo latupa kwambiri. Malangizo otsatirawa akuchokera pa mfundo imeneyo, ndipo ndi a amayi eni ake pamodzi ndi ana amene amawagulira makolo awo.

Choyamba: ganizirani ulendo weniweniwo

Musanapite kusitolo kapena kumsika, khalani pansi muuyende ulendowo m'maganizo kuchokera pakhomo mpaka kofika. Ulendo wa basi wochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kupita ku South Africa umapitirira tsiku lathunthu, ndipo mumatsika ndi kukwera kangapo, pa Mwanza, pa Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, nthawi zina usiku pamene maso saona bwino poponda. Wa ndege umaoneka wopepuka, koma amene anasinthapo ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg akudziwa kuti m'mabwalo amenewa munthu amayenda mtunda wautali pa matailosi oterera atakoka chikwama. Ulendo wa kumudzi m'nyengo ya dzinja, kuyambira November mpaka April, uli ndi matope ndi mitsinje yowoloka. Funsaninso za nyengo ya kumene mukupita: ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July kumazizira kwambiri m'mawa, ndipo ku Britain kuyambira December mpaka February pansi pamakhala ponyowa, mwina pozizira mpaka kuundana, kotero kuti nsapato yoonetsa zala siingathandize.

Chachiwiri: yezani mapazi onse awiri, madzulo, mutaimirira

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, choncho pafunika kufatsapo. Phazi la munthu lili ndi mafupa 26 ogwiriziridwa ndi mitsempha. Zaka zikamapita, makamaka kwa mayi amene anaberekapo kangapo ndi kusenza mitolo ndi ndowa moyo wake wonse, mitsempha imeneyi imatamuka, malo okumbika a pansi pa phazi amaphwatalala, ndipo phazi limatalika ndi kutambalala. Mafuta amene amakhala ngati katsamiro pansi pa chidendene amachepa, n'chifukwa chake amayi ambiri achikulire amadandaula kuti akamayenda pa simenti amamva ngati akupondera fupa. Ena fupa la m'mbali mwa chala chachikulu limatuluka, chala n'kupindikira kwa zinzake. Motero mayi amene ankavala sayizi 5 pa ukwati wake angathe kufuna 6, mwinanso 6 yotambalala, ndipo zimenezi si matenda ayi.

Yezani madzulo, mutayenda ndi kugwira ntchito za tsikulo, chifukwa mapazi amatupa dzuwa likamapendeka. Ikani pepala pansi polimba, osati pamphasa kapena pa kapeti. Valani masokosi amene mudzavale paulendo, pondani papepalapo mutaimirira bwinobwino, ndipo wina ajambule mozungulira phazi ndi pensulo yoimitsa chilili, asaipendeketsere mkati. Musajambule nokha mutawerama, popeza kuwerama kumasintha mmene phazi laponderamo. Chitani chimodzimodzi ndi phazi linalo, chifukwa anthu ambiri phazi lina limakula kuposa linzake, ndipo nsapato imagulidwa potengera lalikululo. Kenako tengani rula kapena tepi ya telala muyeze kuchokera kuchidendene mpaka ku chala chimene chatalika kwambiri, chimene kwa ena ndi chachiwiri osati chachikulu, muyezenso m'lifupi pamene phazi latambalala kwambiri. Lembani masentimitawo. Pa kutalikako onjezerani sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, ndiwo mpata umene zala zimafuna munthu akamayenda.

Ine ndimadula chithunzi cha phazicho pa katoni n'kupita nacho kumsika. Katoniyo ikakana kulowa mu nsapato, kapena ikalowa mopindika m'mbali, ndimadziwa kuti nsapatoyo ndi yothina ngakhale wogulitsa atalumbira kuti chikopa chimatamuka. Kwa inu amene muli kunja ndipo mukufuna kutumizira mayi anu nsapato, musawafunse sayizi pafoni. Pemphani mdzukulu awayeze monga tafotokozera, akutumizireni masentimita ndi chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp rula ili pambali.

Chachitatu: werengani manambala mosamala

Nsapato zimene zimapezeka m'misika yathu zimachokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo nambala imodzi siitanthauza chinthu chimodzi. Kwathu kuno, monganso ku South Africa, tinazolowera manambala a ku Britain. Sayizi 5 ya ku Britain imafanana ndi 38 ya ku Ulaya, 6 ndi 39, pamene 7 imagwera pa 40 kapena 41 malinga ndi kampani. Nsapato za amayi za ku America zimakhala patsogolo ndi manambala awiri, kotero kuti yolembedwa 7 ya kumeneko ndi 5 ya kwathu. Yang'anani kunsi kwa lilime la nsapato kapena m'kati mwake kuti muone ngati nambalayo yatsagana ndi zilembo za UK, EU kapena US. Pakati pa sayizi imodzi ya ku Britain ndi yotsatira pali kusiyana kwa mamilimita pafupifupi 8 okha, koma kuchepa kumeneko ndi kokwanira kudetsa chikhadabo cha chala chachikulu. Nsapato zina za ku Britain zimakhalanso ndi chilembo chosonyeza kutambalala, monga E kapena EE, ndipo mayi wa phazi lalikulu m'lifupi athandizidwa kwambiri ndi zimenezi kusiyana ndi kukwera sayizi. Nsapato yaitali mopitirira imakwakwaza pansi ndipo imapunthwitsa.

Chachinayi: iyeseni m'manja musanaivale

Nsapato ikakukopani maso, itengeni m'manja muichite zinthu zingapo. Ipindeni ngati mmene phazi limapindikira poyenda. Iyenera kupindika kutsogolo, pamene zala zimayambira, osati pakati. Imene imapindika pakati ngati chikondamoyo siichirikiza phazi, ndipo imene siipindika konse imatopetsa miyendo. Kenako igwireni kutsogolo ndi kumbuyo muipotokole monga mofinya chovala chochapa. Yabwino imakana, imangogonja pang'ono. Dinikizani ndi chala chachikulu mbali ya kumbuyo imene imakumbatira chidendene: ikakhala yolimba, chidendene sichigwedera ndipo akakolo sabinya msanga pa msewu wa miyala.

Tembenuzani muone soli. Ikhale ya labala, yokhala ndi mizere yokumbika, osati yosalala ngati ya nsapato za paukwati. Nkhani ya soli ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaiganizira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti kugwa ndi chinthu chachiwiri pa ngozi zimene zimapha anthu ambiri, pambuyo pa ngozi za pamsewu, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60. Mayi akasiya kusamba mafupa ake amayamba kufooka, kotero kuti kuterereka kumene mtsikana angadzuke n'kusasa fumbi kungathe kuthyola mayi wachikulire fupa la m'chiuno. Zimbudzi za m'malo oimira mabasi ndi masitepe okwerera basi mvula ikagwa ndi malo amene soli yosalala imagwetsa munthu. Komabe soli isakhale yokhuthala ndi yofewa mopitirira ngati matiresi, chifukwa phazi limasiya kumva pansi ndipo munthu amadzandira.

Chidendene cha nsapato chikhale chotambalala ndi chachifupi, chosapitirira masentimita awiri ndi theka. Gogoda muisiye kunyumba kapena muiike m'chikwama ngati kumene mukupita kuli mwambo. Nsapato zaphwatalala zopyapyala zija, zimene atsikana amazipinda n'kuika m'kachikwama, nazonso si za ulendo wautali, popeza chidendene chimene katsamiro kake kanatha chimamva mwala uliwonse. Kutsogolo kukhale kobulungira ndi kokwera, kuti zala zizitha kusewera. Pisani dzanja m'kati mufufuze ngati muli msoko wotukuka, kamsomali kapena guluu wouma. Ngati kansalu kopondapo ka m'kati kamachoka, katulutseni mukaponde: phazi likasefukira m'mbali mwake, nsapatoyo si yanu.

Pa kamangidwe, sankhani ya zingwe, ya lamba wa chitsulo kapena ya zomata za Velcro, chifukwa zimenezi mungathe kuzimasula mapazi akatupa ndi kuzimanga akaphwa. Nsapato yongolowetsa, yopanda chogwira pamwamba pa phazi, imachititsa zala kukhala zikukanirira kuti isavuke, ndipo pofika madzulo akatumba amakhala akuwawa. Mayi amene ali ndi nyamakazi m'zala za m'manja, kapena amene kuwerama kumamuvuta, asankhe zomata. Zimathandizanso pabwalo la ndege pamene achitetezo nthawi zina amapempha kuti muvule nsapato anthu ali pamzere kumbuyo kwanu. Chikopa chofewa ndi nsalu yolowa mpweya ndi zabwino. Pulasitiki m'nyengo yotentha ya October imachititsa thukuta, ndipo phazi lonyowa silichedwa kutuluka matuza.

Chachisanu: valani zonse ziwiri ndipo muyende

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musalole kuti wogulitsa akufulumizitseni. Pitani madzulo ndi masokosi anu, valani nsapato zonse ziwiri, mangani zingwe, imirirani. Dinikizani kutsogolo muone ngati pakati pa chala chachitali ndi kumapeto kwa nsapato pakukwana m'lifupi mwa chala chachikulu cha kumanja. Yendani kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo, mutembenuke mwadzidzidzi, mukwere ndi kutsika sitepe ngati ilipo. Chidendene chisatuluke pamene mukunyamula phazi, ndipo potsika zala zisagunde kutsogolo. Paliponse pamene pakukanda kapena kufinya m'sitolo padzakhala chilonda pa ulendo. Mawu akuti idzatamuka mukamavala musawamvere, chifukwa chikopa chimatamuka pang'ono m'lifupi mokha, koma m'litali nsapato siikula.

Za kaunjika ndiyenera kunenapo mwapadera, popeza ambiri a ife ndi kumene timapeza nsapato zolimba pa mtengo umene tingakwanitse. Pa msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe mungathe kupeza Clarks, Ecco kapena Skechers zimene m'sitolo mtengo wake ndi wosayandikirika, ndipo sindiona cholakwika kugula kumeneko malinga mwayang'anitsitsa. Ikani nsapato zonse ziwiri pamalo osalala muziyang'ane chakumbuyo: ngati ina yapendekera mbali imodzi, ndiye kuti mwini wake woyamba anaidya mbali imeneyo, ndipo idzapendeketsa phazi lanu ndi kupweteketsa bondo. Kandani soli ndi chikhadabo ndi kuipinda mwamphamvu, chifukwa pali mtundu wa soli yopepuka imene ikakhalitsa osavalidwa imafumbwa, moti nsapato yooneka yatsopano imayamba kunyenyeka ngati mkate patangopita masiku ochepa. Onetsetsani kuti nsapato ziwirizo ndi za sayizi imodzi. Mukagula, zitsukeni m'kati, ziumitseni bwino, ndipo ngati n'kotheka muikemo kopondapo katsopano.

Chachisanu ndi chimodzi: kukongola

Pali ana amene amaganiza kuti mayi akakula zilizonse zofewa n'zokwana, n'kuwagulira nsapato zazikulu zothamangira zamitundu yowala zimene mayiyo amachita nazo manyazi. Maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Mayi amene wasita chitenje chake, wamanga duku bwinobwino ndipo akupita kukaonekera kwa apongozi a mwana wake ali ndi ufulu wofuna nsapato imene ikugwirizana ndi ulemu wake, ndipo nsapato imene sakuikonda adzaisiya m'chikwama n'kuvala yothina ija.

Chinsinsi chake ndi kusankha mtundu wodekha ndi maonekedwe osachulukitsa. Chitenje chimakhala kale ndi maluwa ndi mitundu yambiri, choncho nsapato yakuda, yofiirira ngati khofi, yabuluu wodera kapena yotuwira imagwirizana ndi pafupifupi chilichonse chimene mwalongedza. Yakuda ili ndi mwayi winanso woti imalowa kutchalitchi, pamaliro ndi paukwati, ndipo imakhala bwino ndi yunifolomu ya amayi a mumpingo. Yoyera imakongola ponyamuka, koma fumbi lofiira la m'misewu yathu limaisintha musanafike pa depoti. Nsapato yachikopa ya lamba mmodzi wodutsa pamwamba pa phazi ndiyo imene ndimaiona ikukwaniritsa zonse ziwiri: imagwira phazi, imaoneka yaulemu ndi diresi kapena siketi yaitali, ndipo imangofuna polishi. Ya zingwe yachikopa, yopanda zilembo zikuluzikulu m'mbali, imakhala bwino ndi thalauza kwa amene amavala. M'nyengo yotentha sandasi nazo ndi zabwino, malinga zili ndi lamba wa kuchidendene, malamba otambalala osadula mnofu, ndi soli yolimba. Kakang'ono kokongoletsa, monga kachitsulo konyezimira pa lamba kapena msoko wooneka bwino, n'kokwanira.

Amayi amene ali ndi shuga kapena otupa miyendo

Kwa mayi wodwala shuga nkhani ya nsapato si ya kumva bwino kokha. Matendawa akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumapazi, munthu n'kumamva dzanzi, moti nsapato ingathe kumutupula khungu iye osamva kanthu, ndipo chilonda chotero chimachedwa kupola. Mayi wotere asadalire mmene akumvera poyesa nsapato, koma adalire katoni ija ndi maso. Nsapato yake ikhale yotseka zala, yofewa m'kati, yopanda msoko wotukuka, ndipo azivala ndi masokosi opanda lamba wothina. M'mawa uliwonse asanavale azigogoda nsapato ndi kupisamo dzanja kuopa kamwala, ndipo madzulo aziyang'ana pansi pa mapazi ndi pakati pa zala, mwina ndi galasi kapena mothandizidwa ndi wina. Ngati ali kale ndi chilonda, apite kuchipatala ulendo usanafike.

Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, monga amlodipine, amatupitsa akakolo kwa anthu ena. Musasiye kumwa chifukwa cha ulendo. Sankhani nsapato yotheka kumasula ndipo muwauze adokotala za kutupako. Kukhala malo amodzi maola opitirira anayi, m'basi kapena m'ndege, kumawonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Pali masokosi apadera ofinya miyendo amene amathandiza, koma funsani kuchipatala musanagule, chifukwa si oyenera aliyense, makamaka amene magazi sayenda bwino m'miyendo. Ngati mudzavala amenewa, yesani nsapato mutawavala. Mukafika n'kuona kuti mwendo umodzi wokha watupa, ukuwawa ndi kutentha, kapena mukubanika, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chomaliza: zizolowereni, kenako longedzani

Gulani nsapato kukadali milungu iwiri kapena itatu ulendo usanachitike. Tsiku loyamba valani ola limodzi m'nyumba, mawa lake maola awiri, kenako pitani nazo kumsika kapena kutchalitchi. Mukavula yang'anani ngati pali pamene pafiira kapena pasiya chidindo. Pofinya pang'ono m'lifupi wosoka nsapato wodziwa ntchito angathe kupatamula, ndipo soli yoterera angathe kuimata labala; koma ngati pakutha mlungu nsapato ikupwetekabe, ipatseni wina, musaikakamize. Wengani zikhadabo mowongoka masiku angapo musananyamuke, ndipo ming'alu ya kuchidendene muziidzoza mafuta usiku uliwonse, kusiya pakati pa zala.

Mapeyala awiri ndi okwanira pa maulendo ambiri: ina yoyendera ndi ina yopepuka ya pamwambo, kuwonjezerapo patapata zosambira zimene ntchito yake ithere kubafa. Yolemera kwambiri ndiyo muvale, makamaka pa ndege pamene chikwama nthawi zambiri sichiloledwa kupitirira makilogalamu 23. M'kachikwama ka m'manja muikemo masokosi ena ouma ndi mapulasitala angapo, ndipo mukangomva pena pakutentha matanipo matuza asanatuluke. M'basi kapena m'ndege masulani zingwe m'malo movuliratu, chifukwa phazi lovula limatupa momasuka ndipo pofika pa chipata nsapato imakana kulowa. Zungulizani akakolo ndi kukweza zidendene muli chikhalire, imwani madzi, ndipo basi ikaima tsikani muyendeko pang'ono ngakhale simukufuna kugula kanthu.

Ulendo wachiwiri mayi anga anapita ndi nsapato yofiirira ya zomata, sayizi 6 yotambalala, imene anakhala akupita nayo kumsika mwezi wathunthu asananyamuke. Zakuda zosongoka zija anapatsa mdzukulu wawo wamkulu, amene zinamukwana bwinobwino.